Matabuleti afika, koma ana anga sali pa mlingo umodzi: nditani?

Funso

Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya kufupi ndi nyanja kuno ku Salima. M'kalasi mwanga muli ana oposa 100. Ena akuwerenga kale tinkhani, ena sadziwa ndi "a" yemwe. Ndili ndi ana amene kunyumba amalankhula Chiyao, mtsikana wachialubino amene saona bwino pa bolodi, mnyamata amene ndikumukayikira kuti samva bwino, komanso anyamata akuluakulu obwereza amene amajombera kunyanja. Chaka chino talandira matabuleti. Makolo akuti basi ana adziwa kuwerenga, pomwe anzanga ena akuti ndi zidole zongotitayitsa nthawi. Ine pa sikimu, ndondomeko ya zoti ndiphunzitse pa teremu, ndatsalira. Ndingazigwiritse bwanji ntchito zipangizozi kuti mwana aliyense apindule?

Mphunzitsi wamkazi, Salima

Yankho

Madamu, makolowo akuyembekezera zambiri kuposa zimene tabuleti ingathe, ndipo anzanuwo akuipeputsa mopitirira muyeso. Tabuleti imaphunzitsadi, koma mwana amakhala nayo kanthawi kochepa, mwina theka la ola, kenako imabwerera m'kabati, iye n'kubwerera kwa inu. Mmene ine ndikuonera, phindu lake lalikulu kwa mphunzitsi wa kalasi ngati yanuyo ndi lakuti pa theka la ola limenelo pakamwa panu pamapuma, maso anu n'kupeza mpata woona mwana mmodzimmodzi. Zimene muone pamenepo ndi zimene ziyenera kusintha kaphunzitsidwe kanu mukabwerera ku choko ndi bolodi.

Anzanu otsutsawo ayankheni ndi zoona, musakangane nawo. Ntchito ya matabuleti m'sukulu za pulayimale kuno ku Malawi inayamba mu 2013 ndi mabungwe a onebillion ndi VSO, ndipo inadziwika ndi dzina lakuti Unlocking Talent. Chaka chomwecho Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anachita kafukufuku pa sukulu ina mumzinda wa Lilongwe. Ana ena anapatsidwa pulogalamu ya masamu ya m'Chichewa theka la ola patsiku kwa masabata 8, ena anapitiriza kuphunzira monga mwa masiku onse, ndipo a pulogalamu ya masamuwo anakwera kuposa anzawo. Mu 2019 onebillion inali limodzi mwa magulu awiri amene anapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE, umene unayesedwa m'midzi ya ku Tanzania. Mu 2023 boma linaitenga ntchitoyi kukhala yake pansi pa dzina la BEFIT, mogwirizana ndi Imagine Worldwide ndi mabungwe awiri aja, n'cholinga chofikira Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma. Zidole sizifika pamenepo.

Koma pali kafukufuku wina wa mayi Pitchford yemweyu, wotuluka mu 2018, amene akukhudza kalasi yanu kwambiri. Anatsata ana olumala ndi ovutika kuphunzira pa sukulu za kuno kwathu, n'kupeza kuti nawonso amapindula ndi pulogalamuyi, ngakhale amayenda pang'onopang'ono, ndipo otsalira kwambiri anali amene ali ndi vuto la kumva kapena la kulankhula. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Pulogalamuyi imalangiza mwana ndi mawu olowera m'khutu. Amene mawuwo sakumufika, tabuleti imamusiya m'mbuyo mwakachetechete, ndipo poti aliyense wawerama pa yake, palibe amadziwa.

Musanasinthe chilichonse, dziwani kaye pamene mwana aliyense waima. Mwanena za owerenga tinkhani ndi osadziwa "a", koma ambiri ali pakati, ndipo apakatiwa ndi amene amatibisalira m'chigulu. Mukalemba "amayi" pa bolodi, kalasi yonse n'kufuula kuti "amayi!", amene awerengadi mwina ndi mizere iwiri ya kutsogolo. Enawo angotola mawuwo pakamwa pa anzawo, mochedwa ndi kamphindi kamene khutu la mphunzitsi wotopa silingagwire. Phunziro limodzi la kalasi yonse lili ngati ukonde wa maso aakulu, limakola ochepa, ambiri amapyola. Vutoli silinayambe ndi inu. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezereka m'makalasi m'chaka chimodzi, ndipo mpaka lero mlingo umene boma limafuna, wa ana 60 pa mphunzitsi, m'makalasi oyambirira ambiri timangoumva.

Tengani chidutswa cha katoni. Pamwamba lembani malembo 10 osakanizasakaniza, kuphatikizapo aja ana amayambira, a, n, i, k, u, m, e, t, o. Pansi pake lembani maphatikizo osavuta monga ma, ku, te, ni, ndi ovutirapo monga mba, nkha, tsi. Kenako mawu asanu, monga meta, nyanja, mpunga. Pomalizira kankhani ka ziganizo zinayi kamene simunawaphunzitsepo, kuopa kuti angakulakatulireni zoloweza. Mwana abwere yekha pambali panu, ayambire pa maphatikizo. Akakhoza akwere, akalephera atsike ku malembo. Sizidutsa mphindi ziwiri. Mukamaona ana 10 patsiku, pakutha pa masabata awiri mwamaliza pafupifupi kalasi yonse. M'kaundula, pafupi ndi dzina lake, ikani chilembo chimodzi chosonyeza pamene waima, ndipo mulembe ndi pensulo, chifukwa chilembo chimenecho chiyenera kufufutidwa mwezi wamawa. Pa masamu chitani chimodzimodzi, kuzindikira manambala mpaka 9, mpaka 99, kuphatikiza, kuchotsera. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la Pratham ku India, ndipo anzathu a ku Zambia akuigwiritsa ntchito m'sukulu za boma pansi pa dzina lakuti Catch Up. Siifuna magetsi kapena ndalama.

Tsopano nthawi ya matabuleti. Musakhale pa mpando n'kumachonga makope kapena kulemba chikonzero cha mawa, ngakhale ndikudziwa kuti chiyeso chake n'chachikulu mukaona kalasi yaphokoso ija ili zii. Yendani kumbuyo kwa ana, muziyang'ana zala zawo. Pali mwana amene amadikira mawu athe, n'kuima kaye, kenako n'kudina. Ameneyo ali bwino, ngakhale alakwitse. Pali wina amene chala chake chimayamba kudina mawu asanathe, apa ndi apo, mpaka chinachake chilire kuti wakhoza. Uyu waphunzira kupusitsa tabuleti, ndipo teremu ikhoza kutha akusangalala koma osatolapo kanthu. Gwadani pambali pake, musunthe mbali imodzi ya hedifoni, mumufunse chapansipansi kuti, "Iwe, akuti utani apa?" Akalephera kukubwerezerani, ndiye kuti mwina sanamve, mwina Chichewa chake sanachimvetse, mwina sanadikire. Wachitatuyu mankhwala ake ndi osavuta. Aike manja pa mawondo mpaka mawu athe, ndipo masiku angapo muzimuyimirira. Awiri enawo ndi amene akufuna nthawi yanu. Mudzaonanso wina amene maso ake sali pa tabuleti yake koma pa ya mnzake, ndi wina wachifundo amene akudinira mnzake mayankho. Wachifundoyo muletseni mokoma, chifukwa pulogalamuyi imapereka ntchito molingana ndi mayankho amene yalandira, ndiye mnzake wathandizidwayo amakwezedwa kupita pamene sanafike.

Za mnyamata amene mukumukayikira makutu, yambani mwavala hedifoni yakeyo inu mwini. Zingwe zake zimaduka mkati, mbali imodzi n'kusiya kulira, ndipo mwana wa zaka 7 sanena, amaganiza kuti ndi mmene zimakhalira. Ikakhala kuti ili bwino, muyeseni iyeyo. Imani kumbuyo kwake pamalo opanda phokoso, asakuoneni pakamwa, mumutchulire mawu odziwika kuti abwereze, poyamba ndi mawu anthawi zonse, kenako monong'ona, khutu lililonse palokha. Yang'anani ngati khutu likutuluka mafinya, ndipo mufunse makolo ngati anadwalapo kwambiri ali wamng'ono. Mavuto ambiri a makutu a ana, monga mafinya ndi kutsekeka ndi litsiro, amachizika kuchipatala, choncho kakalata kanu kopita kwa makolo kakhoza kuchita zazikulu kuposa chipangizo chilichonse. Pakadali pano akhale kutsogolo chakumbali, khutu labwinolo lili kwa inu, pamene angaone nkhope yanu ndi za anzake. Ndipo siyani chizolowezi chimene tonse tili nacho, cholankhula mutafulatira ana mukulemba pa bolodi. Lembani, tembenukani, kenako lankhulani. Pa tabuleti khalani naye mphindi zoyambirira, mumuonetse ndi chala chimene ntchitoyo ikufuna, kamodzi kapena kawiri, mpaka agwire kachitidwe kake. Achipatala akatsimikiza kuti vutolo ndi lalikulu, pitani kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a m'zoni mwanu, kuti akulumikizeni ndi aphunzitsi a maphunziro apadera, amene ambiri amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Sukulu ya ana osamva ya ku Mua, m'boma la Dedza, siili kutali ndi Salima, koma musafulumire kumutumiza kutali ndi kwawo ngati mpando wabwino ndi mankhwala zingathe kumusunga pomwepo.

Mtsikana wachialubinoyo tabuleti ndi bwenzi lake, mwina kuposa mwana wina aliyense m'kalasimo, chifukwa akhoza kuiyandikitsa kumaso mmene akufunira, pomwe bolodi sangaisunthe. Kusaona patali ndi mbali ya chialubino, si ulesi kapena matama, ndipo kuyandikitsa buku kapena tabuleti pamphuno sikuwononga maso ake. Musamuletse, ndipo anzake asamuseke. Chimene chimamupweteka ndi kuwala. Muchepetsereni kuwala kwa tabuletiyo, akhale pamthunzi pamene dzuwa la pakhomo kapena la pawindo silikumenya pa galasi, ndipo chipewa chake avale ngakhale m'kalasi. Pa bolodi lembani malembo aakulu okandapala, bolodiyo ikhale yotsukidwa bwino, chifukwa choko choyera pa bolodi yotuwa ndi fumbi kwa iye ndi nkhungu chabe. Muloleni adzuke n'kufika pa bolodi nthawi iliyonse osapempha. Ngati muli ndi foni ya kamera, jambulani zimene mwalemba, mukulitse ndi zala ziwiri, mumupatse akopere. Mukatero mwamupangira galasi lokulitsa malembo popanda kugula. Ana ambiri achialubino amawerenga malembo wamba akakulitsidwa, sikuti onse amafunika zilembo za osaona. Chenjezo langa ndi limodzi, ndipo ndi lolimba. Chithunzi cha mwanayu chisapite pa WhatsApp kapena pa Facebook, ngakhale pa gulu la aphunzitsi a zoni, ngakhale cholinga chikhale chopempha thandizo. Tonse tikudziwa zimene abale athu achialubino akhala akukumana nazo m'dziko muno.

Ana olankhula Chiyao ambiri Chichewa cha pabwalo la masewero amachidziwa. Chimene chimawasowa ndi Chichewa cha malangizo, mawu monga sankha, fananitsa, kokera, chotsatira, chachitali kuposa. Mverani nokha pulogalamuyo madzulo amodzi, mulembe mawu otere amene akubwerabwera, ndipo musanalowe ku matabuleti muziwasewera ndi kalasi yonse mphindi zisanu pogwiritsa ntchito miyala ndi timitengo. "Kokera mwala ku bwalo." "Sankha kamtengo kakafupi." Ana a Chichewa chokhachokha nawonso apindula, mudzadabwa. Mwana wa Chiyao akhale pafupi ndi mnzake wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, ndipo akayankha m'Chiyao funso limene walimvetsa, landirani yankholo kaye, kenako mulibwereze m'Chichewa. Amene amapita ku madrasa madzulo amazolowera malembo a Chiarabu, amene amayambira kumanja kupita kumanzere, ndiye wina mudzamupeza akuyambira kumapeto kwa mzere kapena akuwerenga "am" pamene palembedwa "ma". Osamukalipira. Ikani kadontho kumanzere kwa tsamba lake, mumuuze kuti kuno timayambira pa kadonthoka. Mwana ameneyu amabwera ndi khutu lozolowera kumvetsera ndi kuloweza, ndipo pa maliwu a malembo zimenezo zimamuthandiza.

Anyamata akuluakulu aja ndi amene ndikufuna muwaganizire mozama, chifukwa ndi amene ali pafupi kwambiri ndi kusiyiratu. Mnyamata wa zaka 12 amene akukhala pansi pamodzi ndi ana a zaka 7, n'kulephera pamaso pawo kuwerenga "ku", sabwera mawa, ndipo chomuletsa si usipa wokha ayi. Ndi manyazi. Kudooko amamutenga ngati munthu, amakoka nawo makoka, amapatsidwa kangachepe. Kwa inu amasekedwa. Hedifoni imachotsa manyazi amenewo, chifukwa akalakwitsa palibe wamva, ndipo akajomba sabata yathunthu pulogalamuyo imamupatsabe ntchito ya pa mlingo wake, siimunyoza kuti anzake anadutsa kalekale. N'chifukwa chake ndimadana kwambiri ndi chizolowezi chimene chikumera m'sukulu zina, chomana mwana tabuleti ngati chilango cha kuchedwa kapena kujomba. Mukatero mukumana tabuleti mwana yekhayo amene akuifuna koposa. Anyamatawa apatseni udindo woonekera, monga kugawa ndi kutolera matabuleti, kuwerenga kuti akwana, kukulunga zingwe, koma akatero nawonso akhale pansi pa yawo nthawi yokwanira. Pa masamu muwafunse za mitengo ya kudooko ndi chenje, muona kuti mutu umayenda, chimene chikusowa ndi kulemba pa pepala zimene amawerengera mumtima.

Tsegulaninso kaundula muone ngati kujomba kwawo kuli ndi nyengo. Asodzi a usipa amakopa nsomba ndi nyali usiku, ndiye mwezi ukawala kwambiri ntchito imachepa, ndipo mwera ukalimba cha mu Juni ndi Julayi mabwato ambiri amakhala kumtunda. Ku madera a mpunga monga cha ku Lifuwu, ana amasowa mpunga ukayamba kucha, akuinga mbalame. Mukaiona nyengoyo, masiku amene anyamatawo achuluka ndi amene muziwayesa ndi kuwaphunzitsa zatsopano m'kagulu kawo. Nkhani ya ana kudooko nthawi ya sukulu si yanu nokha. Ipititseni kwa ahedi, ku komiti ya sukulu, kwa amayi a mother group, kwa amfumu ndi kwa a komiti ya padooko, amene mawu awo eni mabwato amawamvera kuposa kalata ya mphunzitsi.

Zonsezi zikuthera pa mphindi 20 zimene ndikukupemphani kuti muzipatula tsiku lililonse pa nthawi ya Chichewa, kunja kwa matabuleti. Ana agawike m'magulu motsata zilembo za m'kaundula zija. A malembo akhale nanu panja pamthunzi, aliyense ndi kamtengo, mutchule liwu, iwo alembe pamchenga. Kuno kunyanja mchenga ndi sileti yaulere, ndipo mukangoponya maso pansi mwaona ntchito ya ana 30 nthawi imodzi, chimene makope sangakupatseni. A maphatikizo apatseni zitsekerero za mabotolo kapena tizidutswa ta katoni tolembedwa phatikizo limodzi, aziphatikiza n'kupanga mawu, kenako awalembe m'kope. Izi ndi TALULAR yomweyo, kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka pafupi, imene munaphunzira ku koleji. A mawu aziwerengerana awiriawiri, wina akuloza wina akuwerenga. Owerenga tinkhani apatseni mabuku owonjezera aja amene m'sukulu zambiri amagona m'makatoni mu ofesi ya ahedi kuopa kuti angathe, ndipo aliyense alembe ziganizo ziwiri za zimene wawerenga. Ochenjerawa musawasandutse aphunzitsi aang'ono sabata yonse. Tsiku limodzi kapena awiri akhoza kutsogolera gulu, masiku enawo nawonso akufuna chowakweza. Inu nthawi yanu yambiri ikhale pa magulu awiri a pansi, kwinako muzingodutsa.

Sabata yoyamba kudzakhala chipwirikiti, musakhumudwe. Gulu lililonse likhale ndi malo ake osasintha ndi thumba lake la zipangizo, ndipo pakhale nyimbo imodzi yosonyeza kuti nthawi yosamuka yakwana. Pa mayina a magulu samalani. Mukatcha ena Chambo ena Bonya, mwana wa kunyanja safunika kumuuza kuti ndani wanyozedwa. Atcheni mayina a mitsinje, Linthipe, Lifidzi, Lingadzi, Lipimbi. Adzadziwabe kuti ndani ali patsogolo, ana sapusitsika, koma chimene chimachotsa ululu ndi kuona mnzawo akusamuka gulu mwezi ukatha. Gulu losasamukika limasanduka chizindikiro cha pamphumi.

Ngati matabuleti sakwanira kalasi yonse ndipo ana amalowa mosinthana, musadandaule, pamenepo mwapeza kalasi yochepa imene mwakhala mukuilakalaka. Gwirizanani ndi mnzanu wa Sitandade 2 ina kapena wa Sitandade 1, wina ayang'anire a matabuleti, wina aphunzitse otsalawo, mawa musinthane. Ndipo ana akachoka pa tabuleti, asangobwerera ku phunziro lina ngati palibe chachitika. Afunseni atatu kapena anayi kuti lero aona lembo lanji kapena nambala yanji, aliyense alembe chimodzi pansi kapena m'kope. Kudina pa galasi ndi kugwira pensulo ndi maluso awiri osiyana, ndipo mayeso onse a mwanayu, mpaka a MANEB ku Sitandade 8, adzalemba ndi dzanja.

Za sikimu, ndikumvetsa mantha anu. A PEA akabwera amafuna kuona kuti muli pa mutu umene anzanu a zoni yonse ali, ndipo National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsira kuwerenga imene inayamba mu 2016, ili ndi maphunziro okonzedwa kale tsiku ndi tsiku. Sindikukuuzani kuti mutaye buku la mphunzitsi. Phunziro la tsikulo liphunzitseni, koma mwachangu pamene ana agwira, ndipo maphunziro obwereza amene ali kale m'bukumo ndi amene muwasandutse a m'magulu. Auzeni ahedi musanayambe. A PEA akafika, musadikire kuti akufunseni, atsegulireni kaundula muwaonetse kuti mu Okutobala ana angati anali pa malembo, lero atsala angati. Kuyesa mwana pafupipafupi n'kumuthandiza pamene wafooka ndi zimene silabasi ya pulayimale ya PCAR yakhala ikufuna kuyambira 2007, choncho simukuchita zachilendo. Mlangizi wodziwa ntchito yake akaona manambala otere amakupemphani kuti mukafotokozere anzanu ku TDC, kumene aphunzitsi a zoni amakumana. Ndipo kunena mosabisa, kumaliza sikimu pamaso pa ana 60 amene sanadutse tsamba loyamba ndi kumaliza kwa pa pepala chabe.

Zipangizozi zidzakuvutani masiku ena, konzekeranitu. Fumbi la chilimwe likakuta mapanelo a sola, mabatire sadzadza, choncho pakhale munthu wodziwika wopukuta. Kutentha kwa ku Salima mu Okutobala ndi Novembala sikugwirizana ndi mabatire, kabati isakhale pamene dzuwa limamenya. Mu Januwale mitambo ikagundana masiku angapo mudzapeza matabuleti ena ali gwa, osayaka. Ana azisamba m'manja akachoka ku phala, ndipo chowonongeka chilembedwe tsiku lomwelo n'kupita kwa ahedi, osachibisa pansi pa zinzake kuopa mafunso. Amene anaphunzitsa cha mu 2008 akukumbukira Tikwere, maphunziro a pa wailesi ya MBC amene ankamveka m'makalasi kudzera m'mawailesi opukusa ndi dzanja. Kumene mphunzitsi ankaimba ndi kuchita nawo, ana ankapindula, ndipo nyimbo ndi masewero ake zinatsalira mwa mphunzitsiyo wailesi itafa. Kumene ankangoitsegula n'kutuluka panja, zonse zinathera limodzi ndi wailesiyo. Tsiku limene matabuleti sayaka, thumba la zitsekerero lija litenge malo ake, ana asabwerere kunyumba akunena kuti lero sitinaphunzire chifukwa kunalibe moto.

Foni yanu nayonso ndi chipangizo cha m'kalasi, ngakhale popanda bandulo. Jambulani mawu anu mukuwerenga kankhani pang'onopang'ono, gulu limodzi lizimvera likuloza m'buku inu muli kwina. Kasipika kakang'ono ka pamsika kamakwanira gulu la ana 20. Mukhozanso kujambula mawu a mwana akuwerenga kumayambiriro kwa teremu, n'kudzamumvetsa kumapeto. Kwa mnyamata wamkulu uja, kudzimva yekha kuti kale ankakakamira pa "mba" koma lero akudutsa n'kolimbikitsa kuposa kumuombera m'manja pamaso pa tiana.

Makolo aitaneni tsiku lina adzaone okha ana ali pa matabuleti, m'magulu ang'onoang'ono, chifukwa ambiri amangomva mbiri yake. Akatha kuona, auzeni mosapsatira kuti theka la ola silingagwire ntchito pa mwana amene wabwera masiku awiri pa sabata. Muwapemphe zinthu zimene angathe ngakhale iwo eni asadziwe kuwerenga. Mwana abwere tsiku lililonse, madzulo awaonetse pamchenga lembo kapena mawu amene waphunzira, ndipo khutu likatuluka mafinya kapena mkodzo ukaoneka magazi apite naye kuchipatala sabata yomweyo, chifukwa likodzo kuno kunyanja limafooketsa ana ambiri amene ife timawayesa aulesi. Makolo a mtsikana wachialubino ndi a mnyamata wa makutu uja mukambirane nawo paokha, osati pagulu, ndipo musanawauze zimene mwaona inu, afunseni kaye zimene iwo amachita kunyumba kuti mwanayo awamve kapena aone bwino.